Kayanikidwe ka masamba a mankhwala azitsamba

Kayanikidwe ka masamba a mankhwala azitsamba ndi njira zimene anthu amatsata pochotsa madzi m'masamba kuti asungike nthawi yaitali osaola. Mu mzinda wa Blantyre, masamba ouma ndi ufa wa chamwamba, nimu, bulugamu ndi lemon grass amagulitsidwa m'misika monga wa Ndirande ndi wa Limbe, ndipo mabanja ena amayanika okha pakhomo. Masamba a mtengo umodzi akhoza kukhala amphamvu, osukuluka kapena oopsa, malinga ndi mmene aumitsidwira.

Tsamba laliwisi la chamwamba, mtengo umene dzina lake la sayansi ndi Moringa oleifera, lili ndi madzi pafupifupi magawo 75 pa 100 alionse. Kuti lisachite nkhungu, chinyezi chimayenera kutsika kufika pa magawo 10 kapena kucheperapo.

Padzuwa

Anthu ambiri amayala masamba pamphasa, m'lichero kapena padenga la malata, monga momwe amayanikira mfutso wa nkhwani ndi chitambe. Njirayi ndi yachangu ndipo siilira ndalama. Koma dzuwa limawononga vitamini C, komanso beta-carotene amene thupi limasandutsa vitamini A. Nchifukwa chake ufa wa chamwamba choyanikidwa padzuwa umaoneka wotuwa, pamene wabwino umakhala wobiriwira kwambiri. Masamba onunkhira amaluza kwambiri: mphamvu ya bulugamu ndi lemon grass ili m'mafuta amene amauluka akatenthedwa, choncho malata otentha a mu Okutobala amasiya tsamba louma bwino koma lopanda fungo.

M'madera othithikana ngati Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, kumene mabwalo ndi aang'ono ndipo misewu yambiri ndi yafumbi, masamba oyanika panja amalandiranso fumbi, ntchentche ndi zitosi za nkhuku.

Pamthunzi

Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde kapena m'chipinda chotsekula mawindo, kumasunga mtundu, fungo ndi mavitamini kuposa padzuwa. Masamba amayalidwa mopyapyala pathandala kapena paneti yoyera, osati pansi, ndipo amatembenuzidwa tsiku ndi tsiku. Akauma amathetheka akafinyidwa m'manja.

Vuto la njirayi ndi nyengo. Mvula ku Blantyre imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu yodutsa kuchokera ku Mozambique. Nthawi zimenezi masamba amatenga masiku ambiri asanaume, amada ndipo amamera chuku. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale masambawo awiritsidwe. Masamba onunkha chinyezi kapena a madontho akuda ndi oyenera kutayidwa. Kuwayanikanso padzuwa sikuchotsa poizoniyo.

Pamoto ndi m'makina

Kukachita chinyezi, ena amapachika masamba pafupi ndi mbaula kapena pamwamba pa moto wa nkhuni. Amauma ndithu, koma utsi umakanirira pa iwo ndipo kutentha sikuyezeka. Malangizo amene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2003 okhudza kalimidwe ndi kakololedwe ka zomera za mankhwala amaletsa kuyanika padothi, ndipo amati poumitsa ndi moto kutentha kusafike madigiri 60. Bokosi loumitsira la mphamvu ya dzuwa, limene limalowetsa mpweya wofunda koma n'kutchinga kuwala ndi fumbi, limathandiza pa mavuto onse awiri, la dzuwa ndi la chinyezi.

Artemisia

Si chomera chilichonse chimene chimadana ndi dzuwa. Masamba a Artemisia annua saluza msanga artemisinin akayanikidwa padzuwa. Artemisinin ndiye gwero la artemether, mmodzi mwa mankhwala awiri a mu LA, amene zipatala za m'Malawi zakhala zikupereka kwa odwala malungo kuyambira 2007. Komabe kuchuluka kwake kumasiyana tsamba ndi tsamba, ndipo mu 2019 World Health Organization inanena kuti siivomereza tiyi kapena ufa wa masambawa pochiza kapena kupewa malungo, ngakhale atayanikidwa bwino chotani.