LE CHAMBON, MUDZI UMENE UNABISA ALENDO

Pakati pa dziko la France, cakum'mwera, pali mapiri akale ochedwa Massif Central. Pamwamba pa mapiriwo, m'cigawo ca Haute-Loire, pali mudzi wa Le Chambon-sur-Lignon, umene uli pamalo okwera mamita pafupi-fupi 1,000 kucokera pa nyanja. Anthu ace ali ngati 2,500 cabe, ndipo munthu woufuna pa mapu ayenera kupenyetsetsa. Komabe dzina lace lidziwika m'maiko ambiri cifukwa ca zimene eni mudzi anacita m'masiku a nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Wofuna kumvetsa nchito yaoyo ayambe wadziwa dziko lao, cikhulupiriro cao ndi njira imene anali kupezera cakudya, pakuti zitatuzi ndizo zinawakonzekeretsa.

Mudziwo uli m'mbali mwa mtsinje wa Lignon, umene ucokera ku phiri la Mézenc, lotalika mamita 1,753, nukatsira m'mtsinje waukuru wa Loire. Nthaka yace ndi yamiyala ndi yoonda. Nyengo yacisanu ikhalitsa miyezi yambiri, ndipo pamaomba mphepo yoopsya imene eni dziko aicha burle, imene iulutsa cipale niitseka naco miseu. Cifukwa ca ici makolo ao anali kumanga nyumba zamiyala za zipupa zocindikira, anthu mbali yina, ng'ombe mbali yina, udzu wouma wa zoweta pamwamba, zonse pansi pa denga limodzi. Anali kulima mbeu yonga tirigu yochedwa rye, mbatata ya kacewere ndi kabici, naweta ng'ombe za mkaka ndi nkhumba. Nyumba za alimi zinali zomwazikana m'zigwa ndi m'nkhalango za paini, iyi apa, inzace patali.

Ciphunzitso ca Aprotestanti cinafika kumapiriko m'zaka za m'ma 1500, ndipo anthu ambiri a ku Le Chambon anacilandira, ngakhale dziko la France linali la Akatolika. M'caka ca 1598 mfumu Henri IV inaika lamulo la ku Nantes lowalola kupembedza monga mwa cikhulupiriro cao, koma mu 1685 mfumu Louis XIV inafafaniza lamulolo. Pamenepo nyumba zao zopemphereramo zinagwetsedwa, abusa napitikitsidwa m'dziko. Amuna ogwidwa pa mapemphero anali kutumizidwa kukapalasa ngalawa za mfumu monga akapolo, ndipo akazi anali kutsekeredwa m'ndende. Otsala anali kusonkhana usiku m'nkhalango, nabisa alaliki ao m'nyumba za alimi. Mtendere unayamba kubwerera mu 1787, ndipo chalichi ca m'mudzimo cinamangidwa mu 1821. Koma mbiri ya mazunzowo sinaiwalike, pakuti agogo anali kusimbira adzukulu ao pamoto.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, cuma ca mudzi cinayamba kusintha. Kunsi kwa mapiri kuli mzinda wa Saint-Étienne, umene masiku amenewo unali wa migodi ya malasha ndi mafakitale, ndipo ana a anchito anali kudwala-dwala ndi utsi ndi usiwa. Mbusa wina wa mumzindamo, Louis Comte, anayamba kutumiza anawo kwa alimi a kumapiri m'nyengo yotentha kuti akapume mpweya wabwino ndi kumwa mkaka, alimi nalandirapo ndalama pang'ono. Mu 1902 njanji yaing'ono inafika. Sitima inali kutsika ndi mitengo, nikwera ndi alendo. Motero m'mudzi munamangidwa mahotela ndi nyumba zosungiramo ana, kotero kuti kulandira mwana wa eni kunasanduka nchito yozolowereka. Mu 1934 kunabwera mbusa André Trocmé ndi mkazi wace Magda, ndipo mu 1938 iye pamodzi ndi mbusa mnzace Édouard Theis anatsegula sukulu imene pambuyo pace inachuka ndi dzina la Collège Cévenol.

Pa 22 Juni 1940 France anagonja kwa Germany, ndipo boma latsopano la ku Vichy, lotsogozedwa ndi Philippe Pétain, linayamba kuika malamulo osautsa Ayuda. M'mawa mwace mwa tsiku logonjalo abusa awiri aja analalikira anthu ao kuti akane lamulo liri lonse lotsutsana ndi Uthenga Wabwino, koma akane popanda mfuti ndi popanda udani. Othawa anayamba kufika pa sitima yaing'ono ija, ambiri a iwo ana amene mabungwe monga Cimade ndi a Quaker anawaturutsa m'misasa ya akaidi. Ena analandiridwa m'nyumba za ana, ena m'sukulu, ena kwa alimi akutali. Anapatsidwa maina atsopano ndi zitupa zonama, ndipo ena anaperekezedwa mobisa kufikira ku malire a Switzerland. Nchitoyi sinali ya Le Chambon yekha ai. Midzi yoyandikana nayo monga Tence ndi Le Mazet-Saint-Voy inagwirako, ndipo Akatolika ena anathandizanso.

Mu Ogasiti 1942 Georges Lamirand, mkuru wa boma woyang'anira za acinyamata, anadzaceza m'mudzimo, ndipo ana a sukulu anampatsa kalata yonena poyera kuti pakati pao pali Ayuda ndi kuti sadzawapereka. Boma linafuna mndandanda wa maina, koma Trocmé anakana. Apolisi atabwera ndi mabasi anapeza anthu owerengeka okha, cifukwa mbiri inali kuwatsogolera, ndipo alendo anali atalowa kale m'nkhalango. Apa dziko lomwe linathandiza eni ace: miseu inali yobvuta, nyumba zomwazikana, ndipo anthu anali ozolowera kusunga cinsinsi.

Koma kukoma mtimaku kunali ndi mtengo wace. Mu Febuluwale 1943 Trocmé, Theis ndi mphunzitsi wamkuru Roger Darcissac anamangidwa natsekeredwa masabata angapo mumsasa wa pafupi ndi Limoges. Pa 29 Juni caka comweco Ajeremani anazinga nyumba ya ophunzira yochedwa Maison des Roches, natenga anyamata ambiri pamodzi ndi wowayang'anira, Daniel Trocmé, mbale wace wa mbusa uja. Iye anafera mumsasa wa Majdanek ku Poland mu 1944. Dokotala wa m'mudzi, Roger Le Forestier, anaphedwa mu Ogasiti 1944. Popeza nchito yobisa anthu siilembedwa m'mabuku, olemba mbiri asiyana pa ciwerengero ca opulumuka: ena ati Ayuda ngati 1,000, ena ati 3,500, osawerengera othawa a mitundu yina.

Nkhondo itatha eni mudzi anabwerera ku minda yao osadzitama, pakuti kwa iwo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ulemu unadza mocedwa. Bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem linalemekeza André Trocmé mu 1971, ndipo mu 1990 linalemekeza mudzi wonse pamodzi ndi midzi yozungulira. Mu 2004 Jacques Chirac, pulezidenti wa France pa nthawiyo, anafika komweko, ndipo mu 2013 kunatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiriyi.

Cuma ca mudzi casinthanso. Njanji inaleka kunyamula katundu mu 1968, ndipo mbali yace yotsala inyamula alendo odzaona malo m'nyengo yotentha. Collège Cévenol anatsekedwa mu 2014. Alimi acepa, acinyamata ambiri apita kumizinda, ndipo mudzi udalira ng'ombe, mitengo ndi alendo. Koma cabwino siciola. Munthu wina wa ku Austria, amene anabisidwa kumeneko pamodzi ndi makolo ace mu 1943 ali mwana, anamwalira mu Disembala 2020 ali ndi zaka 90. Kalata ya masiye ace itawerengedwa, kunapezeka kuti cuma cace cambiri anacisiyira mudzi wa Le Chambon, napempha kuti cithandize ana a m'mudzimo pa maphunziro ao.