Mageji a pa dashibodi ndi magalimoto a ku Cape Town

Mageji a pa dashibodi ndi timawotchi timene timaonetsa dalaivala liwiro la galimoto, kuchuluka kwa mafuta m'thanki, kutentha kwa injini, mphamvu ya oyilo ndi moto wa batire. M'magalimoto ambiri atsopano ena mwa mageji amenewa mulibe, ndipo eni magalimoto ku Cape Town, kuphatikizapo Amalawi amene amayendetsa Uber ndi Bolt kapena kugwira ntchito m'magalaja a ku Salt River ndi Bellville, amadandaula kwambiri ndi geji ya kutentha kwa injini. Dandaulo limeneli likumveka bwino munthu akaona mmene magejiwo anabwerera ndi mmene anachokera.

Magalimoto oyambirira analibe geji ina iliyonse. Chipangizo choyezera liwiro chogwiritsa ntchito maginito chinalembetsedwa ndi Otto Schulze ku Germany mu 1902. Mwini Ford Model T ankayeza petulo poviika kamtengo m'thanki. Kutentha kwa madzi kunkaoneka pa Boyce MotoMeter, chipangizo cha mu 1912 chimene chinkamangidwa pa chivindikiro cha ladiyeta kutsogolo kwa galimoto, dalaivala n'kumachisuzumira ali pa chiwongolero. Pambuyo pake mageji analowa mkati, koma pasanapite nthawi, m'zaka za m'ma 1930, kampani ya Hudson ya ku America inayamba kuika timagetsi tochenjeza m'malo mwa geji ya oyilo ndi ya moto. Choncho mkangano wa muvi ndi kagetsi ndi wakale kuposa kompyuta.

Ku Cape Town kunali mafakitale ake olumikiza magalimoto. Kampani ya BMC, imene inadzakhala Leyland, inatsegula fakitale ku Blackheath mu 1955, ndipo Mini inkapangidwa kumeneko kuyambira 1959 mpaka 1983. Mini wamba inali ndi wotchi imodzi yaikulu pakati pa dashibodi, ya liwiro, geji ya mafuta ili mkati mwake momwemo. Mitundu yodulirapo, monga Cooper, ndiyo inali ndi geji ya kutentha ndi ya oyilo m'mbali mwa wotchiyo. Volkswagen Beetle, imene inkalumikizidwa ku Uitenhage kuyambira 1951, inakhala yopanda geji ya mafuta mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960: injini ikayamba kutsamwa, dalaivala ankatembenuza kachitsulo pansi pa dashibodi kuti atsegule petulo wapadera wotsalira m'thanki. Zimenezi zikuonetsa kuti kuyambira kale mageji ankatsata mtengo wa galimoto, ndipo wogula yotchipa ndiye ankamanidwa.

Geji ya kutentha inali yofunika ku Cape Town chifukwa cha mapiri. Wopita kummawa pa msewu wa N2 amakwera Sir Lowry's Pass. Wopita ku Worcester ndi ku Johannesburg pa N1 ankakwera Du Toitskloof Pass, msewu umene unatsegulidwa mu 1949, mpaka pamene Huguenot Tunnel, ya makilomita pafupifupi 4, inatsegulidwa mu 1988. Ngakhale mkati mwa mzinda muli zitunda za Kloof Nek ndi Ou Kaapse Weg. M'miyezi yotentha ya Januwale ndi Febuluwale, galimoto yolemedwa ndi anthu ndi katundu, ikukwera pa giya yaing'ono, inkawira mosavuta. Dalaivala wozolowera ankayang'anitsitsa muvi. Ukayamba kukwera kupitirira pamene umakhala masiku onse, ankadziwa kuti mwina madzi achepa, fanibeluti yaduka, kapena ladiyeta yatsekeka. Ankachepetsa liwiro, ena n'kutsegula hita kuti ichotseko kutentha, kenako n'kuima pambali injini isanapse gasiketi. Ubwino wa muvi unali umenewo: unkaonetsa vuto likubwera, kukadali nthawi yochitapo kanthu.

Magalimoto amene anthu wamba a ku South Africa anaphunzirirapo kuyendetsa anali ndi geji imeneyi. Citi Golf inapangidwa kuyambira 1984 mpaka 2009, Toyota Tazz kuyambira 1996 mpaka 2006, ndipo kabaki ka Nissan 1400 kanafika mpaka 2008. Ambiri mwa magalimotowa akuyendabe ndi manambala a CA ku Mitchells Plain ndi Khayelitsha, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amawakonza ndi sipanala ndi khutu.

Kusintha kunadza ndi kompyuta ya injini. Kuyambira 1996 America inalamula kuti magalimoto onse atsopano akhale ndi dongosolo lodziyeza lotchedwa OBD-II, ndipo mayiko a ku Ulaya anatsatira mu 2001. Kutentha kwa madzi kumayezedwabe, mwina molondola kuposa kale, koma nambala yake imapita ku kompyuta. Dalaivala wa galimoto yaing'ono amangoona kagetsi kabuluu injini ikakhala yozizira ndi kofiira ikatentha mopitirira. Ngakhale pamene geji inatsala, makampani ambiri anaikonza kuti muvi uzikhala pakati osasuntha pa madigiri ambiri ndithu, pofuna kuti ogula asamade nkhawa ndi kukwera ndi kutsika kwabwinobwino kwa kutentha. Zinanso zinachoka: magalimoto ena a BMW anasiya kukhala ndi kachitsulo koyezera oyilo, ena amagulitsidwa opanda tayala la sipeya, ndipo mabatani a hita ndi wailesi analowa mu sikirini.

Makampani amanena zoona kuti injini za lero siziwira kawirikawiri. Koma mfundo imeneyi imakwanira pa galimoto yatsopano. Dalaivala wa Uber amene akuyendetsa galimoto yoti yadutsa makilomita 300,000, ndipo mwini wake amafuna ndalama sabata iliyonse, alibe chitetezo chimenecho: kagetsi kofiira kakayaka pa Sir Lowry's Pass, nthawi zambiri chinthu chaonongeka kale. N'chifukwa chake madalaivala ena amagula kachipangizo kotchipa kolumikiza pa soketi ya OBD, n'kumawerenga kutentha kwa injini pa foni, ndipo ena amapempha makaniko kuti awamangire geji yapadera.

Palinso zosowa zina zoopsa kuposa geji. Mu Novembala 2017, ku Cape Town komweko, mabungwe a Global NCAP ndi Automobile Association ya South Africa anakhazikitsa ntchito ya Safer Cars for Africa. Anawombetsa dala magalimoto asanu ogulitsidwa m'dzikolo: Polo Vivo, Toyota Etios, Renault Sandero, Datsun Go+ ndi Chery QQ3. QQ3, imene inalibe ma airbag, sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha anthu akuluakulu. Chaka chotsatira Nissan NP300 Hardbody inalepheranso chimodzimodzi. Pa nkhani ya sikirini, bungwe la Euro NCAP linalengeza kuti kuyambira 2026 lizipereka mamalikisi kwa magalimoto amene ali ndi mabatani enieni a indiketa, hutala, mawaipa ndi magetsi a hazadi, ndipo Volkswagen inanena kuti ibwezeretsa mabatani m'magalimoto ake atsopano. Geji ya kutentha kwa injini siili pa mndandanda umenewo.