Edzi ndi Chibadwa cha Munthu: Funso la ku Nkhotakota

Boma la Malawi linalengeza za wodwala Edzi woyamba m'chaka cha 1985. Pasanathe zaka khumi, nthendayi inali itafika m'madooko a asodzi a ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, kumene anthu ogula usipa ndi chambo ankabwera ndi kupita. Maliro anachuluka. Koma chimene chinazunguza anthu mitu sichinali imfa yokha ayi. Mwamuna ankatha kuwonda ndi kumwalira m'zaka zowerengeka, pamene mkazi wake, wokhala ndi kachilombo komweko, ankalimabe mpunga ndi chinangwa zaka zambiri. Achibale ena ankati ndi tsempho, ena kanyera, ndipo amasiye ena ananamiziridwa ufiti chifukwa chongokhala ndi moyo.

Umboni wakuti kusiyanaku n'koona unachokera m'mbali mwa nyanja yomweyi, kumpoto. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kafukufuku wa khate anayamba mu 1979, ndipo ofufuza ankasunga madontho a magazi pa timapepala. Atawayezanso pambuyo pake, anapeza kuti kachilombo ka HIV kanalipo kale mu 1982. Polondola anthuwo, anaona kuti ambiri anamwalira, koma ena anapitirira zaka khumi popanda mankhwala.

Chifukwa china chinadziwika mu 1996. Kuti kachilomboka kalowe mwa asilikali a m'thupi, kamagwira kakhomo kotchedwa CCR5. Anthu ena a kumpoto kwa Ulaya, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, amabadwa opanda kakhomoka, atatengera kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo kachilombo kamavutika kuwalowa. Timothy Ray Brown anachira ku Berlin atapatsidwa maselo a munthu wotere mu 2007. Nkhaniyi inamveka dziko lonse, komatu inalibe phindu kwenikweni kwa msodzi wa ku Nkhotakota, pakuti chibadwa chimenechi sichipezekapezeka mwa anthu a mu Africa.

Yankho lotikhudza ife linachokera pafupi. Ku Lusaka, ofufuza anayamba mu 1994 kulondola mabanja amene mmodzi ali ndi kachilombo pamene mnzake alibe. Iwowa, pamodzi ndi anzawo a ku Durban amene anafalitsa zotsatira zawo mu 2004, anaonetsa kufunika kwa zizindikiro za pa maselo zotchedwa HLA. Ntchito ya zizindikirozi ndi kuonetsa asilikali a m'thupi zidutswa za mdani kuti amuzindikire. Wobadwa ndi mtundu wa B57 amasonyeza chidutswa chimene kachilombo sikangasinthe popanda kufooka, choncho tizilombo timachepa m'magazi ndipo matenda amachedwa. Wobadwa ndi mtundu wa B58:02 amafooka msanga. Mkazi wamasiye uja, tsono, mwina analibe mlandu wina koma magazi a makolo ake, ngakhale kuti zakudya, chifuwa chachikulu ndi msinkhu nazo zimathandizira.

Boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, chibadwa chinaonekeranso kwina. Anthu ambiri a mu Africa ali ndi chiwindi chimene chimachedwa kuchotsa mankhwala a efavirenz m'thupi, ndipo ena ankadandaula chizungulire ndi maloto oopsa. Mu 2019 zipatala za m'Malawi zinayamba kupereka dolutegravir m'malo mwake.