Kodi mawu oti "shoko" anachokera kuti?

FUNSO: Ndine wowotcherera zitsulo pa Namitete. Tsiku lina ndinakhudza waya wosupuka wa makina anga ndipo mkono unangodumpha wokha. Anzanga anati ndagwidwa shoko, pomwe agogo anga akuti imeneyo ndi nyesi. Amakaniko nawo amati njinga yamoto yatha mashoko. Kodi ndi mawu amodzi, nanga anachokera kuti? — Wowerenga wa ku Namitete, Lilongwe

YANKHO: Pepani bambo, ndipo tithokoze kuti mwapulumuka. Anzanuwo sananame, agogonso sananame.

Shoko tinabwereka ku Chingerezi, kumene amalemba shock. Angerezi nawo anabwereka kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1500, ndipo nthawi imeneyo anali mawu a kunkhondo: kuwombana kwa magulu awiri a asilikali othamangirana. Tanthauzo lake lenileni ndi kugunda kwadzidzidzi kogwedeza thupi lonse.

Magetsi analowamo m'ma 1740. Mu mzinda wa Leiden ku Netherlands, katswiri wina dzina lake Pieter van Musschenbroek ankayesa kusunga mphamvu ya magetsi m'botolo la galasi lokhala ndi madzi. Atagwira botololo ndi dzanja limodzi n'kukhudza waya ndi linalo, thupi lake lonse linanjenjemera moti analembera mnzake kuti sangadzabwerezenso. Mu 1746 Jean-Antoine Nollet wa ku France anagwiranitsa manja asilikali 180 pamaso pa mfumu Louis XV, n'kuwalumikiza ku botolo lotere. Onse anadumpha nthawi imodzi. Angerezi atafuna dzina la kudumpha kumeneku anatenga lija la kunkhondo.

Mashoko a njinga ndi mawu omwewo, kungoti tinawadula. Dzina lonse la Chingerezi limanena chipangizo chomeza kugundako, ife tinangotola mbali yoyamba. Wakabaza wodutsa msewu wafumbi wa mabampu amadziwa ndi msana wake tsiku limene atha. Kuchipatala mawuwa ali ndi ntchito inanso: amanena munthu amene magazi sakufika mokwanira m'ziwalo zake, mwachitsanzo atataya magazi ambiri pangozi kapena pobereka.

Tsono za agogo. Nyesi ndi nsomba yopanda mamba, ya ndevu ngati mlamba, yopezeka kumunsi kwa Shire, cha ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso mu Zambezi. Pansi pa khungu lake pali minofu yotulutsa magetsi, ndipo yaikulu imatha kuponya mavolti opitirira 300. Asodzi ankaidziwa kalekale mawaya asanafike m'dziko muno, choncho magetsi atabwera dzina linali lilipo kale. Ine ndimakonda nyesi kuposa shoko tikamanena za magetsi, chifukwa ndi mawu athuathu ndipo satanthauza zinthu zitatu. N'zomvetsa chisoni kuti ana ambiri a kuno kumtunda sadziwa kuti ndi dzina la nsomba.

Nanga mkono wanu unadumphiranji? Ubongo umalamula minofu potumiza timphamvu tochepa ta magetsi kudzera m'mitsempha. Magetsi a kunja akalowa amalanda ulamulirowo, minofu n'kukungika yokha. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230 ndipo amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, choncho minofu sipeza mpata womasuka. Inu munachita mwayi poti munangokhudza. Wogwira waya ndi chikhatho nthawi zambiri amakanirira pomwepo, pakuti minofu yofumbata zala ndi yamphamvu kuposa yotambasula. Magetsiwo akadutsa pachifuwa amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo ndicho chimapha anthu. Manja a thukuta, pansi ponyowa ndi kuponda opanda nsapato zimakulitsa ngoziyo.

Mukaona mnzanu wakanirira pa waya musamugwire ndi manja. Thimitsani pa switchi yaikulu, kapena mukankheni ndi thabwa louma. Akakomoka, akapsa kapena akamva kupweteka pachifuwa, thamangirani naye ku St Gabriel's pa Namitete pomwepo ngakhale bala likuoneka laling'ono, poti magetsi amawotcha ndi m'kati momwe. Ndipo bambo, waya wosupukawo musaukulunge ndi pepala la pulasitiki. Gulani wina musanayatsenso makinawo.