Chambo cha ku Ntcheu chili ndi minga ingati?

Anyamata a pagombe ndi nonse amene uthengawu ukupezeni, ndine yemwe uja wa mainjini. Nyanja atatseka mu Novembala ntchito ya maboti inazilala, ndiye ndinakwera kumtunda, ku Ntcheu, kukakonza mapampu a alimi othirira m'chigwa cha Bwanje. Injini ndi injini basi, kaya ikukankha boti kaya ikukoka madzi. Ndinakhalako masabata atatu.

Ndili konko msuweni wanga wa ku Joni ananditumizira vidiyo ya anthu a ku America akuzungulira timalesitilanti ta m'mphepete mwa nyanja, kulawa chimene amati lobster roll. Ndi buledi woikamo nyama ya lobster, chinkhanu chachikulu cha m'nyanja ya mchere. A ku Maine amadya yozizira yothira mayonezi, a ku Connecticut yotentha yothira batala, ndipo amakangana ngati a Bullets ndi a Noma. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kalekale lobster inali yambirimbiri kumeneko, ya amphawi, ena nkumakolera nayo mbedza kapena kuthira kumunda ngati manyowa. M'zaka za m'ma 1800 njanji ndi zitini zitayamba kuipititsa kumizinda yakutali ndi nyanja, mtengo unayamba kukwera. Ndinati aise, iyitu ndi nkhani ya chambo. Ndiye nanenso ndinayamba kuyendayenda kulawa chambo ndi tchipisi mwa anthu a kumtunda.

Muzidziwa kuti Ntcheu alibe gombe. Chimene ali nacho ndi mbatata ya kachewere ya ku Tsangano ndi ku Lizulu, komanso misewu iwiri, M1 ndi M5. Mbale ya chambo ndi tchipisi ndi ukwati: mkazi ndi wa kuphiri, mwamuna ndi wa kwathu.

Ndinayambira pa boma. Kalesitilanti kaukhondo ndithu, pakhoma atalemba chambo ndi choko. Nsomba inabwera yokazinga bwino, khungu lokhukhutika, tsabola wa kambuzi pambali. Nditaluma ndinamva kafungo ka matope. Madala anandiphunzitsa ndili mwana kuti ukakayika uzitembenuza nsomba n'kuwerenga minga yolimba ya chipsepse chapansi, chakufupi ndi mchira. Chambo chili ndi itatu, makumba inayi. Ndinawerenga kawiri. Inayi.

Ndinati, "Mayi, awa si makumba awa?"

Iwo anaseka. "Achimwene, kuno chilichonse chophwaphwatika n'chambo. Mukufuna ndilembe makumba pakhomapo, adye ndani?"

Sindinawakwiyire. Makumba ndi ndiwo yabwino, ndipo amene amaweta m'madamu akugwira ntchito yolemekezeka. Kungoti ndinalipira mtengo wa dzina lina.

Dzinalo linakwera bwanji kumtunda? Agogo athu ankagwira chambo ndi khoka ndi matchera, n'kudya, n'kuwamba china chosinthanitsa ndi ufa. M'ma 1930 kunabwera Agiriki a banja la Yiannakis n'kukhazika usodzi waukulu chakumwera kwa nyanja, kufupi ndi Fort Johnston, Mangochi ya lero. M'ma 1940 anali atayamba kuzinga chambo pakati pa nyanja ndi maukonde akuluakulu okokedwa ndi maboti a injini, malole n'kumanyamula kupita ku Zomba, ku Blantyre ndi kuminda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje. Apo m'pamene chambo chinasanduka katundu wa pamsewu. Boma la atsamunda linachita mantha msanga: mu 1939 linabweretsa akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Trewavas, kudzafufuza za nsomba, ndipo kuyambira 1945 mpaka 1947 mtsikana wa ku England, Rosemary Lowe, anakhala kunyanja kuno akuphunzira makamaka za chambo. Taganizani, nkhawa yoti chambo chikhoza kutha ndi yakale kuposa ufulu wa 1964. Kenako usodzi wa Agiriki uja unalowa m'manja mwa Maldeco, ndipo matrola anayamba mu 1968.

Koma tisamangoloza zala makampani, anyamata. Chimene chinachitika ku Malombe tinachita tokha. M'ma 1970 kunafala nkacha, ukonde wa maso ang'onoang'ono wogwirira kambuzi, wina n'kumamira kukamanga kunsi kwake. Unkakokolola zonse, udzu wa pansi, zisa zimene chambo chachimuna chimakumba mumchenga, ndi kasawala yemwe. Chambo chachikazi chimalera ana m'kamwa, ndiye ukagwira mayi mmodzi nthawi yoswana wapha mudzi wonse. Mu 1982 Malombe anatulutsa matani a chambo oposa 8,000. Pofika 1992 sanafikenso ngakhale 1,000. Zaka khumi zokha! N'chifukwa chake mu 1993 anayambitsa makomiti a pagombe, ma BVC aja timawanyoza, ndipo mu 1997 kunabwera lamulo latsopano la za usodzi.

Madala sanena kuti chambo basi. Amati lidole, saka, ching'anga, chilichonse ndi malo ake ndi mwezi wake. Ine lidole sindinalionepo ndi maso. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo za lidole akatswiri amati mwina linapita kale.

Malo achiwiri anali pa Lizulu, paja msewu uli malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Tchipisi cha pamenepo palibe wochiposa, ndikunenetsa. Mbatata yokumba dzulo, pachiwaya chotentha, kabichi ndi tomato wa pompo. Nsomba yake inali yaikulu, yonenepa, koma mnofu wake unali wa madzimadzi ngati siponji. Minga itatu, inde, koma mchira unali ndi mizeremizere yoimirira, chizindikiro cha tilapia ya ku Nile imene amaweta m'maiko ena. Mchira wa chambo chathu umakhala wokutidwa ndi timamba tambirimbiri. Mnyamata wa pachiwaya anavomera yekha kuti imabwera youma ndi ayezi m'makatoni. Ndinamaliza tchipisi, nsomba ndinagawira mwana wina amene ankandiyang'anitsitsa.

Achitatu ndinawapeza osawafuna. Ndikubwerera kwathu pa M5, minibasi inaima nthawi yaitali pakamsika kena pakati pa Sharpevale ndi Kasinje. Bambo wina ankakazinga tinsomba pachiwaya pansi pa mtengo, opanda chikwangwani, opanda mpando. Fungo lokha linandiimitsa. Ndinagula tiwiri n'kuwaza mchere. Abale inu, mnofu woyera, wogwirana, wotsekemera, mafuta a kumutu aja oti umayamwa mpaka fupa. Ndinakumbuka mayi akuphika chambo cha m'mamawa ndi tomato yekha, ife titazungulira mphika. M'masabata atatu onse, chambo chenicheni chinali chimenechi.

Nditachiika pachikhatho, sichinapitirire zala. Kasawala. Lamulo limati chambo chosakwana masentimita 15 chibwerere m'madzi, ndipo uwu unali mwezi woti khoka lili pamtanda.

Ndinafunsa, "Bambo, timeneti mumatitenga kuti nyanja ili yotseka?"

Anandiyang'ana malaya anga a girisi aja, n'kufunsa kumene ndimachokera. Nditatchula gombe lathu anati, "Ndiye mukufunsa ine? Timachokera kwanu konko. Timafika m'bandakucha pa njinga yamoto, kudzera ku Golomoti."

Sinditchula maina, koma maboti amene amatuluka usiku mwezi uno ndimawadziwa, ndipo ena mwa mainjini ake ndinawamasula ndi manja angawa mu Okutobala. Kachiwiri kaja ndinadyanso, sindinataye.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera madala zonsezi ali pakhonde akusoka matchera. Za makumba anaseka, za makatoni anapukusa mutu. Za pachiwaya paja sanayankhe msanga. Anamaliza kaye mfundo imene ankamanga, kenako anatambasula chikhatho chawo n'kunena kuti ndiwaonetse pamene kanalekezera.