Zitsulo Zolemera

Ambiri akamva mawu akuti "zitsulo zolemera" amaganiza za nangula kapena njanji, pomwe akatswiri amatanthauza zitsulo monga mtovu, mekyule ndi kadimiyamu, zomwe zimalemera kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi madzi a muyeso wofanana, ndipo ndi poizoni ngakhale zichepe motani. Liwu lakuti chitsulo ndi lachibale ndi kusula, koma mawu akuti "zitsulo zolemera" anamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, n'chifukwa chake amasokoneza.

Zitsulozi siziola, choncho zikatayidwa padoko zimamatirira ku matope a pansi n'kukhala momwemo zaka zambiri. Ku Minamata, m'dziko la Japan, fakitale ya Chisso inkatayira mekyule m'nyanja kuyambira 1932 mpaka 1968, ndipo asodzi amene ankadya nsomba ndi nkhono za kumeneko anayamba kuchita dzanzi m'manja, kudzandira ndi kulephera kulankhula bwino, matenda amene anadziwika mu 1956. Ntchito yochotsa ndi kukwirira matopewo inatha mu 1990. Mawu akuti "zitsulo zolemera" amakhala m'malo mwake pamene woyeza madzi akuletsa msodzi kuponya ukonde pafupi ndi ngalande ya fakitale, ngakhale madzi apamwamba akuoneka oyera.