Chule wa ku Bologna ndi Mapazi a Dzanzi a ku Petauke

Munthu wa ku Nyimba kapena ku Petauke akafika kwa sing'anga wa chipatala nadandaula kuti mapazi achita dzanzi, kuti usiku atentha kufikira tulo tithawa, funso limene livuta ndi lakuti chirema chili mu mtsempha wonyamula uthenga, kapena mu mnofu umene uthengawo upitako. Ndipo njira yoyankhira funso limenelo inayambira kutali, pa mwendo wa chule.

M'chaka cha 1791 Luigi Galvani wa ku Bologna analengeza kuti mwendo wa chule wakufa ugwedezeka pamene mtsempha wake ukhudzidwa ndi chitsulo, nanena kuti m'thupi la chamoyo muli magetsi akeake. Ambiri anamtsutsa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti mu 1850 Hermann von Helmholtz anayesa liwiro la uthenga mu mtsempha wa chule, napeza kuti uyenda mamita pafupifupi 30 pa sekondi imodzi, chinthu chimene anzeru a nthawiyo anayesa kuti sichingapimike konse. Pambuyo pake, mu 1929, Edgar Adrian ndi Detlev Bronk anapanga kasingano kobaya mu mnofu, nalumikiza waya wake ku chokuzira mawu, kotero kuti kuyambira pamenepo sing'anga amva ndi makutu ake chimene mnofu unena. Mnofu wamoyo ukapumula ukhala chete. Koma umene mtsempha wake unafa ulira wokha, monga mvula yoyamba pa denga la malata. Kupima kumeneku ndiko EMG, ndipo kuyenda pamodzi ndi kuyesa liwiro la mitsempha, limene m'dzanja la munthu wathanzi liposa mamita 50 pa sekondi.

Kwathu kuno ku m'mawa kwa Zambia adani a mitsempha si achilendo. Makolo athu anadziwa khate, limene lipha kumva kwa zala kufikira munthu apsa pamoto osazindikira. Ife taona matenda a shuga, mankhwala a TB otchedwa isoniazid akamwedwa popanda vitamini B6, ndi stavudine, amene anapulumutsa miyoyo ya ambiri okhala ndi HIV koma nawasiya ndi mapazi oyaka, mpaka bungwe la WHO linalangiza mu 2009 kuti aleke kuperekedwa. Ambiri a odwala amenewa, ndinena ndi chisoni, anauzidwa kumudzi kuti anaponda mankhwala a mfiti.

Ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka kupima kwa EMG kuchitika, ndipo komweko mu 2018 kunayamba maphunziro a madokotala a ubongo ndi mitsempha, oyamba m'dziko la Zambia. Wodwala wa ku Minga kapena wa kwa Kalindawalo, akapatsidwa kalata yopita ku UTH, ayenera kutsika mapiri a ku Kacholola ndi kuoloka mlatho wa Luangwa, ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Ndipo ine ndikhumba kuti mwa ana athu ophunzira kumeneko atuluke wina amene adzanyamula kasingano kaja kubwera nako ku Petauke.